Sabata Imene Ndinaphunzira Kuzimitsa Moto ku Kasupe

Ntchito yanga yoyamba ya pamwezi ndinaipeza ku Balaka, pa nyumba yaikulu yosungiramo thonje. Ndinkasoka matumba. Chaka china, Machinga akadatchedwa Kasupe, kunabwera kalata yoti malo aliwonse antchito atumize munthu mmodzi ku boma kuti akaphunzire kuzimitsa moto ndi kupulumutsa anthu pangozi. Abwana anatiika pamzere n'kumatiyang'ana mmodzimmodzi ngati akusankha mbuzi ya sadaka. Chala chawo chinaima pa ine. Ndinayenda monyada tsiku lonse, mpaka akapitawo atandiuza kuti abwana ankafuna munthu woti ngakhale atasowa sabata yathunthu, ntchito singadziwe.

Sindinalabadire. M'mutu mwanga munali galimoto yofiira, chipewa chachitsulo ndi nsapato zofika m'mawondo. Mkazi wanga ndinamulonjeza kuti ndibwera ndi chithunzi.

Nditafika ku Kasupe ndinapeza anzanga atakhala pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa bwalo la mpira: alonda, amesenjala ndi wophika wa pasukulu ina. Galimoto yofiira kunalibe. Kunali bambo wamfupi wandevu zopota, msilikali wopuma, wezulo ili pakhosi. Tinkawatcha a Sajeni. Pambali pawo panali zida zonse za maphunziro athu: ndowa zisanu ndi imodzi, mgolo wa madzi, makwerero osowa mapondero awiri, ndi chibotolo chachitsulo chofiira chokhala ndi kapaipi kamphira kukhosi kwake.

"Ichi musachikhudze," anatero a Sajeni akuchisisita chibotolocho. "Chilipo chimodzi boma lonse lino, ndipo chikatsanula chatha. Muziphunzira ndi maso. Umayamba wagwira kapaipi aka, kenaka n'kuchizondotsa, mutu pansi. Mankhwala amasakanikirana m'kati n'kutuluka mwamphamvu. Ndati umayamba ndi chiyani?"

"Kapaipi!" tinayankha tonse ngati ana a sitandade wani.

Masiku awiri oyamba sitinaone moto ngakhale wa machesi. Tinkangoguba, lefuti raiti, kuzungulira bwalo pa dzuwa la Okutobala lija loswa mtengo. Wophika uja analimba mtima n'kufunsa ngati moto umadikira kuti anthu athe kuguba. A Sajeni anati moto umaopa anthu osunga mwambo, ndipo anamugubitsa yekha kawiri. Palibenso anafunsa kanthu. Tinaphunziranso kupatsirana ndowa pamzere, koma zopanda madzi, chifukwa kumtsinje kunali kutali. Lamulo lalikulu linali lakuti munthu asasunthe wezulo isanalire.

Lachitatu tinafika pa za kupulumutsa anthu. Anatigawa awiriawiri, ndipo ine anandipatsa bambo wina wa ku Nsanama, mlonda wa pamsika, Myao wachikulire woseka msanga. Mimba yake inkafika pamalo mwiniwake akadali m'njira. Unali mwezi wa Ramazani ndipo iye ankasala, koma ankaguba nafe osadandaula, milomo ili gwa. Anagona pansi monga wokomoka ndi utsi, ine n'kumukweza paphewa monga anatiphunzitsira. Ndinayenda mapazi atatu. Pa phazi lachinayi tonse tinali m'fumbi, iye pamwamba.

"Achimwene," anatero osadzuka, "ku moto mwandipulumutsa, koma nthitizi mukazifotokozere akazi anga."

Kenaka a Sajeni anati tiphunzire kupumira munthu m'kamwa. Mnzanga uja anadzuka changu chimene sindinkamuganizira.

"Ngwamba! Iyayi, a Sajeni. Ine ndikusala. Achimwenewa m'kamwa mwawo mukununkha fodya wa chingambwe ndi zina zimene sinditchula. Akandipumira, tsiku langa lapita."

"Nanga mutakomoka zenizeni?" anafunsa a Sajeni.

"Ndidzayesetsa kukomoka dzuwa litalowa."

A Sajeni anatembenuka n'kuyang'ana kuphiri kwa kanthawi, mapewa akugwedezeka. Phunzirolo tinalimalizira pa dzungu.

Lachisanu linali la chionetsero. Tinamanga chisakasa cha udzu kumapeto kwa bwalo, ndipo m'mawa tinatunga madzi kumtsinje mpaka mgolo unadzaza. Dongosolo linali lomveka: a Sajeni ayatsa chisakasa, aimba wezulo, ife tipatsirana ndowa, ine ndithamanga kukanyamula mnzanga wa ku Nsanama amene agone kuseri, kenaka mlendo wolemekezeka amaliza moto ndi chibotolo chofiira. Mlendoyo anali a tcheyamani a chipani a m'deralo.

Anafika dzuwa lili pamutu atavala suti yakuda, amayi ovina ali patsogolo. Achinyamata a chipani anayamba ndi kuona makadi athu a umembala. Ngakhale wokomoka uja anamudzutsa kuti aonetse lake, n'kumuuza kuti akomokenso.

A tcheyamani anayamba kulankhula. Analankhula za ufulu, za ulimi, za anthu ofuna kusokoneza mtendere, za atsikana ovala zazifupi. Za moto sindikukumbuka ngati anazitchula. Ife tinali chiimire pamzere, manja m'mbali, ndipo ndi ngodya ya diso ndinkaona zimene zinkachitika pa mgolo wathu. Amayi aja anali atavina kuyambira m'mawa. Mmodzi anapita ndi kapu n'kumwa. Wina anasukusula. Wina anamwetsa mwana, kenaka n'kumusambitsa ndithu. Posakhalitsa panali mzere wabwino kuposa wathu. A Sajeni ankaonanso, ndevu zikunjenjemera, koma ndani akanadula mawu a tcheyamani kuti akalipire amayi a chipani?

Mawu atatha, a Sajeni anayatsa. Udzu wa Okutobala sufunsa kawiri, unangoti lawilawi. Wezulo inalira. Ndowa yoyamba inafika ndi madzi theka, yachiwiri ndi ongokwanira kusamba m'manja, yachitatu inali matope. A Sajeni ataona kuti zavuta, anathamangira chibotolo chija n'kuchipereka kwa mlendo ndi manja awiri. Anayesa kuwanong'oneza za kapaipi.

"Ndikudziwa," anatero a tcheyamani.

Anachizondotsa. Kapaipi kaja, popeza panalibe wokagwira, kanadzuka ngati njoka yopondedwa mchira. Kanawathira kumaso, kanatsikira pa suti, kanatembenukira kwa alendo a pa mipando yakutsogolo, n'kubwereranso kwa eni ake. Anachiponya pansi, koma chinapitiriza kuzungulira chikulavulira nsapato za akuluakulu. Kumoto sikunafike ngakhale dontho.

Bwalo lonse linangoti zii. Masiku amenewo kuseka pamalo olakwika kunkasowetsa munthu, ndipo sunkadziwa kuti mwa oima nawe pafupi ndani ali ndi makutu a anthu ena. Ndinaluma lilime. Ndinayesa kukumbukira maliro a malume anga, manda, nyimbo, chilichonse.

Uku tikulimbana ndi phwete, mphepo inanyamula moto n'kuuponya m'thengo la kuseri kwa bwalo. Unayamba kuthamangira ku mipanda ya udzu ya nyumba za ogwira ntchito m'boma, kumene kunali makhitchini ndi makola a nkhuku. Ife ophunzira tinaima ndi ndowa zathu zouma kudikira wezulo, koma mwini wezulo anali kalikiliki kupukuta suti ya a tcheyamani ndi kansalu ka m'thumba.

Amayi aja sanadikire aliyense. Anamanga nsalu m'chiuno, anathyola nthambi zaziwisi za mango n'kuyamba kuukwapula moto kuchokera m'mbali, monga amachitira chaka chilichonse moto wolusa ukayandikira minda yawo. Mayi wina wachikulire anandilanda ndowa n'kutapa mchenga.

"Mwangoima ngati mitengo ya telefoni bwanji? Tengani nthambi, amuna inu!"

Tinamvera. Ndinathyola yanga n'kuima pamene anandiloza. Utsi unandilowa m'maso, moto unandiwaula tsitsi la m'miyendo, ndipo mayiyo ankangondikalipira kuti ndizimenya pansi, osati m'mwamba ngati ndikuingitsa ntchentche. Motowo unafera pafupi ndi mpanda woyamba, nkhuku zikulira m'khola.

Apa m'pamene ndinakumbukira munthu wanga wokomoka uja. Ndinathamangira kumene kunali chisakasa, koma ndinangopeza phulusa. Ndinamupeza atakhala pamthunzi patali ndithu, akudzikupiza ndi kachipewa kake ka kofiya.

"Ndinaona kuti mwatanganidwa, achimwene, ndiye ndadzipulumutsa ndekha."

Tonse tinkaopera a Sajeni, chifukwa nkhani yotere inkafuna mutu wa munthu. A tcheyamani anaimirira, suti ikudontha, natiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati chibotolo chija chinasiyidwa ndi atsamunda, n'chifukwa chake chinalibe mwambo. Tinaomba m'manja mwamphamvu kuposa tsiku lina lililonse, a Sajeni kuposa tonse. A tcheyamani anayamikira anyamata ophunzitsidwa bwino amene apulumutsa nyumba za boma, natipatsa mapepala a umboni mmodzimmodzi. Amayi aja anauzidwa kuti ayambe nyimbo, ndipo anavina ndi mwaye kumaso.

Pobwerera ndinakwera lole imodzi ndi mnzanga wa ku Nsanama. Munali anthu osawadziwa, choncho tinangokamba za mvula, kuti ichedwa kapena ayi. Pa Liwonde tinatsika tonse, iye kuti adikire ya kwawo, ine ya ku Balaka. Anandikodola, ndipo tinatsetserekera kumtsinje wa Shire, kutali ndi anthu. Anayang'ana uku ndi uku, anasuzumira ngakhale m'bango. Atakhutira, anakweza mkono n'kuupotoza ngati kapaipi kaja, akuti, "Fwiii! Ndikudziwa!"

Tinaseka mpaka ndinakhala pansi m'matope. Tikati tisiye, wina amangokweza mkono n'kuyambiranso. Iye misozi inkatsikira m'ndevu, akudandaula kuti ndamuumitsa kukhosi dzuwa likadali pamwamba. Lole ya ku Nsanama italiza hutala, anapukuta m'maso, anakonza nkhope kuti ioneke ya munthu wochokera ku maphunziro a boma, n'kukwera. Sindinadzamuonenso.