Tulo ta m'sitima ya golide

Mng'ono wanga atangofika kuno kudziko la azungu kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ankakhala ku Ilford, m'chipinda chomwe bedi limodzi ankalandizana anthu awiri. Wogwira usiku ankagona masana, wamasana n'kumagona usiku. Tsiku lina anaweruka m'mawa n'kupeza mnzakeyo ali pabedi, nayenso atamusinthira ku shifiti ya usiku. Anandiimbira foni mawu akuchita kukokeka. Kwanga n'kutali, ndipo madzulo omwewo ankayenera kubwerera ku ntchito. Ndinati tikumane ku Greenwich, kumiyuziyamu, nyumba yoonetseramo zinthu zakale, poti n'kofunda ndipo sathamangitsako munthu.

Tinapeza akuonetsa za anthu akale omwe ankakwera sitima zapamadzi kuthamangira golide ku Australia. Anali atamanga chipinda cha amphawi cha kunsi kwa sitima, ndi timabedi tamatabwa tosanjikizana, kuti aliyense ayeseko kugonapo. Panalinso kabokosi koti ukatsegula muzituluka fungo la masanzi ndi thukuta. Anthu akuluakulu kuima pamzere kuti anunkhize masanzi, abale inu! Akanunkhiza, kuseka, kenako kujambulana. Zinandinyansa.

Mng'ono wanga anavula nsapato n'kukwera pakabedi kena. Ndisanamalize kuwerenga zapakhoma anali atagona kale tulo, kukamwa kuli yasa.

Bambo wina ananyamula mwana wake kuti aone bwino. Mayi wina anamuyandikizira mng'ono wangayo foni kumaso, ati amayesa ndi wasewero. Ndinamutchinga ndi jekete, n'kumuuza mayiyo m'Chingelezi chopanda ulemu kuti ameneyu ndi munthu, si chidole. Anthu omwe anafa kalekale akuwamvera chisoni, koma wamoyo wotopa pamaso pawo akumuyesa zokongoletsa. Zaziii!

Kenako kunabwera mlonda, waulemu wake ndithu, kudzanena kuti bedilo n'longoyeserera, ena akudikira. Ndinamuchonderera kuti amuleke pang'ono, ali ndi okalamba oti akawanyamule mpaka kuche. Anapepesa, koma sanasunthe.

Ndinamugwira phewa mng'ono wangayo. "Iwe, tadzuka."

Anadzambatuka, maso ali psuu, n'kuyamba kusalaza bulangete mwachangu asanadziwe n'komwe kuti ali kuti.

"Pepani asisi," anatero kwa mayi woyamba pamzere, "nthawi yanu yakwana eti? Bwerani mugone, pakadali pofunda."