Mango a M'matumba

Kuno ku Chezi mukafunsa za a Elisha, anthu ayamba kukanda m'mutu. Koma mukati Atempolale, ngakhale wogulitsa tomato pamsewu akulozerani chitunda chakwathu. Dzinalo ndinawapatsa ndine, Faines, ndipo sindinawapatse mwachikondi.

Anabwera nawo ndi achimwene anga a Limbani, chaka chija mvula inadula chimanga chikumasula. Ankadziwana kumisonkhano ya mpingo ku Mvera. Anali bambo wamtali wa imvi, wovala jekete yosuluka koma yosita bwino, m'manja muli chikwama ndi khasu basi. Mbiri yawo ndinaimva tili chiimire pabwalo. Anakhala pachikamwini ku Ntchisi mpaka kukalamba. Mkazi wawo atamwalira osasiya mwana, abale a mkaziyo anawasudzula n'kuwauza kuti azipita kwawo. Kwawoko anakapeza minda yonse ili ndi eni ake kalekale.

"Muwabwereke kandime kakumtunda kaja, mlongo," anatero achimwene. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Mpaka liti?" ndinafunsa.

Mlendoyo anavula chipewa. "Mayi, musade nkhawa. Izi n'za tempolale."

Pa unyamata wawo a Elisha anagwirapo ntchito mu ofesi ya esiteti ya fodya, ndipo kumeneko anatolako Chingerezi chodzaza dengu. Chodabwitsa n'choti chonsecho chinkanena chinthu chimodzi, choti mavuto ndi odutsa. Ankayamba achilavula m'chizungumo, kenaka n'kudzimasulira okha ngati ali pa guwa. Azungu akuti vuto ndi kachigawo kokumbika ka msewu, ukapirira phula lili kutsogolo. Tsiku lina vuto lomwelo lasanduka kamtambo kongodutsa. Njala ya mu Febuluwale inali tempolale, fodya akagwa mtengo tempolale, ngakhale dzino litawatupitsa tsaya anati tempolale. Ife timati mlendo ndi mame, koma mame ofika masana asanakamuke ine ndimawakayikira.

Kandime kameneko sikanali kotaya. Ndili ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, Takondwa, ndipo ndinkamusungira kuti akadzakwatiwa adzapeze polima, monga amayi anandisungira ine. Choncho tsiku loyamba lomwelo ndinawauza lamulo limene aliyense kuno amalidziwa: wobwereka munda sadzala mtengo. Chimanga, mtedza, soya, dzalani mmene mungafunire, mukakolola zatha. Koma mtengo umakhala, ndipo tsiku la mlandu wa malo anthu amangofunsa kuti anadzala ndani. Ndaona mabanja akuluza minda chifukwa cha mpapaya umodzi.

"Ndikudziwa, mayi," anayankha. Anayankha msanga kwambiri, ndipo sindinakondwe nazo.

Anamanga kanyumba kaudzu m'mphepete mwa ndimeyo. Dzinja lachiwiri ndikukathyola chisoso kumtundako, ndinazungulira kuseri kwa kanyumbako n'kupeza timachubu takuda tandandalika, m'kati muli mbande za mango.

"Atempolale, izi n'chiyani?"

"Sizili m'nthaka, mayi, onani." Ananyamula kachubu kamodzi n'kundionetsa kunsi kwake. "Ku Ntchisi ndinasiya mango ambiri omezanitsa ndekha, akudya ndi ena. Awa ndikadzapeza malo anga ndidzangonyamula."

Ndinathamangira kwa achimwene. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, amvekere mtengo wa m'chubu si mtengo, ndi katundu ngati chikwama. Ndinabwerako ndili ndi manyazi, koma mtima sunakhale m'malo.

Mbande zinakula. Zina ankagulitsa kumsewu, koma zonenepa bwino zingapo anazisamutsira m'matumba a feteleza. Munthuyo analibe chifukwa, ndivomere. Nkhokwe yanga ikapendekeka ankaiwongola ndisanapemphe, pa maliro ankafika oyamba, kutchalitchi ankaimba besi. Zimenezo n'zimene zinkandiopsa kwambiri. Munthu akamakoma chotere pamunda wa eni, ine ndimafunsa kuti akufuna chiyani. Anzanga ankandinena kuti ndine wouma mtima. Ine ndinali ndi kachizolowezi kanga. Ndikapita kukawaona ndinkapereka moni bwinobwino, uku phazi likukankha thumba limodzilimodzi kuti ndione ngati likusuntha. Iwo ankaona, ine ndinkadziwa kuti akuona, ndipo tonse tinkakamba za mvula.

Kenaka bondo linandigwira. Kwa nthawi yaitali chitunda chija ndinkangochiona ndi maso, kukwera osatheka. A Elisha ankatsika kudzandizonda, ndipo mungadziwe zimene ananena za bondo langalo.

Bondo litayamba kupola, Takondwa anapeza mwamuna. Chinkhoswe chinachitika, ndipo mkamwini anafunika pomanga ndi polima mvula isanagwe. Ndinatenga ndodo m'mawa wina n'kukwera kukawauza a Elisha kuti tempolale yawo yafika pothera. Ndinawapeza akuthirira. Mango aja anali atandipitirira msinkhu, mtengo umodzi utachita maluwa. Phazi langa silinaiwale ntchito yake. Ndinakankha thumba loyamba, osasuntha. Ndinakankha ndi mphamvu, mtengo unangogwedeza masamba. Ndinagwada ndi bondo lowawalo n'kufukula dothi ndi zala. Muzu wonenepa ngati chala chachikulu unali utaboola thumba n'kulowa m'nthaka ya mwana wanga. Matumba onse anali chimodzimodzi.

Ndinaimirira ndi ukali. "Munadziwa?"

"Ndinadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Dzinja lathali."

"Ndiye munkabwera kwathu kudzandizonda, kumwa thobwa langa, mukudziwa kuti mitengo yanu ikudya munda wa Takondwa? Mumadikira kuti ndife kaye, eti? Kuti mudzaloze mitengo pa mlandu?"

"Sindinadzale, mayi. Koma sindinaletse." Anayang'ana pansi. "Ndinkati mawa ndidula. Kukacha, ndinkaona masamba atsopano."

Analowa m'kanyumba kaja n'kutuluka ndi nkhwangwa. Anapendeketsa thumba loyamba, nadula muzu, kenaka lachiwiri, mpaka onse. Maluwa aja anayoyokera pa jekete yawo. Anakweza matumba awiri pa wilibala, pamwamba n'kuikapo chikwama chomwe anabwera nacho, n'kuyamba kukankha. Atafika pamene njira yakumunda imagawikana, ina yopita kumsewu, ina kudambo, anaima. Anaima nthawi yaitali atagwira zogwirira za wilibalayo.

"Mukupita nazo kuti?" ndinafuula.

Ndinadikira Chingerezi. Ndinadikira msewu wokumbika, kamtambo kodutsa, chilichonse mwa zija. Iwo anatembenuka n'kuyankha m'Chichewa chopanda zokometsera.

"Ndilibe kopita, mayi. Ndinkadziwa kuyambira tsiku lija ndinavula chipewa pabwalo panu."

Zaka zonsezi ndinkanena kuti bambo ameneyu sadzachoka, anthu n'kumandiseka. Tsopano mwini wake anavomera ndi pakamwa pake, koma ine sindinamve kukoma. Ndinamva chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsanso, chifukwa munda unali wofunikabe. Mkamwini sadya chifundo.

Ndinawauza kuti atsitse wilibala pansi andidikire. Ndinatumiza uthenga kwa achimwene, ndinaitana Takondwa ndi bwenzi lake lija, ndi anansi amene anali pafupi. Onse atafika ndinalanda khasu la a Elisha, ndinapita pamalire a ndimeyo n'kuyamba kukumba. Mkamwini anafuna kundilandira, ndinamukaniza. A Elisha anatambasula dzanja kuti agwire thumba, ndinawakalipira.

"Musakhudze! Nonsenu muone bwino amene akudzala. Ndine, Faines, pamunda wa amayi anga. Mawa wina asadzanene zina."

Ndinakumba mayenje onse ndekha, ndinang'amba matumba, ndinakwirira. Bondo linatupanso sabata yonse. Ndime inapita kwa Takondwa monga ndinakonzera. A Elisha anatsala ndi kanyumba kawo ndi mizere ingapo ya kuseri, ndipo ntchito yawo ndi kuthirira mitengo yanga.

Si yonse inapirira nkhwangwa ija, ina inauma. Iwo akadali pomwepo, akalamba ndithu, ndipo Chingerezi chija chinawathera. Dzina lokha ndilo linakana kuchoka. Ine ndimakwerabe kukaona ngati kuseri kwa kanyumbako sikunabwere machubu atsopano, chifukwa munthu wa manja otere sungamukhulupirire pa nkhani ya mbande.

Chaka chino mtengo uja unachita maluwa wabereka koyamba. Ndinangoona a Elisha akutsika chitunda pang'onopang'ono atasenza lichero. Anatula pakhonde panga mango onse, ngakhale limene mbalame inajompha. Anavula chipewa, anakhala pansi, nayang'ana licherolo.

"Mayi," anatero, "ndingadyeko limodzi?"