Dzina Limene Sindinalembe

Fungo la mtedza wopserera limandibwezera kwa agogo aNambewe, m'kakhitchini kathu ka ku Edmonton, kudziko la Angelezi, belu la utsi likulira ngati lapenga, iwo akulikupiza ndi chitenje uku akulikalipira kuti lilibe mwambo. Anachoka ku Dedza kudzatilera ine ndi mlongo wanga, poti amayi anali namwino ndipo nthawi zambiri ankakhala ali kuchipatala. Ndinkawakonda, koma kunena zoona, munthu wovuta ngati agogo sindinamuonenso. Hita ankazimitsa ati imaumitsa magazi, mawindo n'kutsekula kunja kukuzizira koopsa, ndipo ndikawayankha m'Chingelezi ankayang'ana uku ndi uku n'kufunsa ngati m'nyumba mwalowa mzungu.

Chaka cha 2011, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kunabwera fomu ya kalembera wa anthu. Amayi anaisiya patebulo akuthamangira basi. "Tiya, ulembe aliyense wogona muno. And don't spoil it, n'za boma izi." Ndinalemba amayi, ine, mlongo wanga. Nditafika pa agogo, zinthu zinaima.

"Amawerenga mbuzi, osati anthu," anatero akupeta mtedza. "Ukawerenga anthu ndiye kuti waitana imfa idzasankhepo."

Tinakokana masabata awiri. Ndikafunsa chaka chimene anabadwa, ankati chaka cha dzombe. Ndikafunsa kuti dzombe lake liti, ankati ndikafunse dzombelo. Amayi ankabwera atatopa, n'kupeza fomu ili pomwepo, n'kukalipira ine, osati mayi awo. Ndinkachita kulira ndi ukali.

Mwezi womwewo aphunzitsi a mbiri anatipatsa ntchito yoti aliyense afufuze amene ankakhala m'nyumba mwawo zaka zana zapitazo. Kulaibulale mayi wina anandionetsa pakompyuta mapepala a kalembera wa 1911, ndipo nditalemba msewu ndi nambala yathu, panatuluka tsamba lolembedwa pamanja ndi mwini nyumba wa nthawiyo. Anali bambo wokonza njanji, mkazi wake Ada, ndi ana anayi. Pambali panali danga lofunsa mkaziyo ana amene anabereka, amoyo, ndi omwalira. Bamboyo sanalembe chiwerengero chokha ayi, analembanso mayina a ana awiri omwalirawo pamzere pamodzi ndi amoyo, ndipo wina anadzawakhwatcha ndi inki yofiira. Ndinasindikiza tsambalo n'kupita nalo kunyumba.

Agogo, omwe chilichonse cha kusukulu ankachitcha phokoso, tsiku limenelo anasiya chiwaya. Kuwerenga sankadziwa, koma mzere wofiirawo anauona, n'kuikapo chala.

"Apa ndiye pataninso?"

Ndinafotokoza, theka m'Chichewa changa chothyokathyoka.

"Anakhwatcha ndani?"

"Wa boma. Omwalira salembedwa, agogo."

"Wopanda ulemu ameneyo." Chala chinali chidakali pomwepo. "Koma iwe mayinawo wawawerenga? Zaka zonsezi?"

"Ee, akuoneka. Elsie ndi Thomas."

"Katenge fomu ija."

Ndinathamanga nditasangalala kuti nkhondo yatha. Anatchula dzina lawo lonse, ndipo chaka chobadwa chija chinapezeka mwadzidzidzi, dzombe osalitchulanso. Ndikuti ndipinde pepala, anandigwira dzanja.

"Tsopano lemba ana anga."

Ine ndinkadziwa atatu, amayi ndi amalume awiri. "Amalume ali ku Malawi, agogo, sagona muno. They don't count."

"Sindikunena amenewo."

Anatchula mayina atatu amene sindinawamvepo, pang'onopang'ono, akuyang'ana m'chiwaya. Kenako anatsitsa mawu. Panali winanso, woyamba kubadwa, amene anamwalira asanatuluke m'chikuta, masiku oyamba aja mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba.

"Anakamuika amayi okhaokha, ine anandiletsa kulira. Wotere sapatsidwa dzina. Koma ine ndinam'patsa ndekha, mumtima. Ngakhale agogo ako aamuna sanalimvepo." Ndipo analitchula.

Ndikanakonda ndikanati mtima unandisweka. Ayi ndithu, ndinangonyansidwa. Pafomupo panalibe malo a omwalira, mawu a amayi oti ndisaiwononge anali m'khutu, anzanga ankandidikira kumashopu, ndipo masabata awiri okokana aja anali atandikwana. Ndinadziwa kuti kuwakanira kukhala kuyambanso nkhondo. Choncho ndinaweramira pafomu n'kumayendetsa cholembera m'mwamba, osakhudza pepala.

"Walemba onse anayi?"

"Ndalemba."

"Akhwatche ngati akufuna," anatero akubwezera chiwaya pamoto. "Wina adzawerenga."

Kuyambira tsiku limenelo ankapatsa moni Ada akamalowa kuchipinda kwawo, ati mnzawo wodziwa zimene iwo ankadziwa. Ine ndinkangopukusa mutu.

Agogo anabwerera ku Dedza patapita zaka zingapo, ndipo anamwalirira komweko. Titabwerako kumaliro ndinaulula kwa amayi zimene ndinachita. Mayina atatu aja ankawadziwa, anawatchula mosavuta. Nditafunsa za wachinayi anandiyang'ana modabwa, poti sankadziwa n'komwe kuti kunali mwana wotero. Ndinaimbira amalume onse awiri, ndinafunsitsa kwa achemwali awo a agogo amene anatsala, koma onse anati khanda lotero silikhala ndi dzina.

Lero ndimathandiza anthu kulaibulale Loweruka lililonse kufufuza makolo awo m'mapepala a kalembera, ndipo ndimapsa mtima msanga munthu akamati dzina limodzi lilibe ntchito. Fomu yathu ija adzaitsegula zaka zana zikadzakwana. Wofufuza adzapezamo aNambewe ndi chaka chawo chobadwa, zolembedwa bwino, zopanda chokhwatcha chilichonse, ndendende mmene amayi anafunira. Tsamba la Ada ndikadali nalo, ndipo Elsie ndi Thomas, ana a eni, ndimawadziwa pamtima. Koma dzina la mwana woyamba wa agogo anga linatchulidwa kamodzi kokha padziko lino, linatchulidwira ine, ndipo ine sindinalisunge, poti ndinali kuyang'ana wotchi.