Tambala wa Chigumu

Ndikakumbukira a Nabanda, oyandikana nafe ku Khombedza ndili mwana, ndimamva fungo la dothi la ku mtapo ndi utsi wa makungwa amene ankaotchera mbiya zawo kuseri kwa nyumba. Mvula yoyamba ikagwa ankasiya mbiya n'kuyamba kuumba zikombole za chigumu cha Khirisimasi. Ankakhala chotambalala, msana ukuwawa, akukulungiza dothi ndi kamwala mpaka m'kati mwa chikombole mutaoneka tambala, lipombo ndi mchira womwe.

Kwathu nkhuku inali yosowa. Tsono patsikulo ankathira ufa wa mgaiwa wosakaniza ndi nthochi m'chikombolemo, n'kuvundikira phale la makala pamwamba. Chikapsa ankachigadabuza pa lichero, tambala wofiirira uja ali mbuu nthunzi.

"Idyani, ana inu," ankatero akupukuta thukuta. "Wina akakufunsani kutchalitchi, mukanene kuti mwadya tambala. Bodza lili pati?"

Ine pano sukulu ndinalekezera panjira, koma ndikuuzeni, palibe wophika wa ku hotela za ku Senga Bay amene angawafike mayi amene aja. Palibe! Ndikukwatira anandipatsa chikombole chimodzi, ndipo ana anga onse akula akudya chigumu cha m'menemo.

Ndiye kwabwera matipatewa. Khirisimasi yapitayi ndinachitulutsa n'kupatsa mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wogwira ntchito ku hotela. Anagwada, osachilandira.

"Bambo, pepani. Chaka chino tiphikire m'chitini. Anthu akaona tambala adzati ndife a chipani chakale, ndipo amuna anga anzawo akuntchito adzawasala."

Ndinakuwa mpaka agalu anauwa. "Tambala ameneyu anaumbidwa chipani chisanabadwe! Wavotera ndani? Ndi wadothi!"

"Ndamva, bambo. Koma anthu sakafunsa dothi."

Ndinayenda khomo ndi khomo kufotokoza za a Nabanda. Ena ankaseka, ena ankati, "Madala, zinthu zasintha." Mawu anandithera, miyendonso inatopa. Ndinabwerera n'kukhala pakhonde.

Mpongoziyo ndi munthu waulemu. Anaphikadi m'chikombolemo, koma asanatulutse chigumu pabwalo anadula mutu ndi mchira, chinatsala chibulunga chabe. Adzukulu anadya osadziwa kuti chinali chiyani.

Mutuwo anandibweretsera m'mbale yovundikira. Ndinadyera m'nyumba, chitseko chotseka, ngati ndaba. Kukangana ndinasiya. Chaka chino ndangomupempha kuti podula asamafulumire, ana ayambe amuona tambalayo.