Mpanda Wosabisa Msewu

Moyo wawo wonse a Sizasi ankadulira mipanda ya zitsamba ya eni. Dzinalo analitengera komweko. Mpanda wa pakhomo pawo unali wautali kuposa munthu, wothinana moti ngakhale nkhuku inkabwerera. Akazi awo, telala wosokera pakhonde, ankati mpandawo umasamalidwa kuposa ana.

Kenako sitiroko inawakhazika pansi. M'mawa uliwonse mayiwo ankawasambitsa, kuwaveka, kuwakokera pampando mpaka pakhonde, n'kukhala pamakina msana utayamba kale kuwawa. Bambowo ankangoyang'ana masamba tsiku lonse, msewu n'kumaumva chabe. Mawu anayamba kuchepa, mbale zinkabwerera ndi chakudya. Mpandawo sunadziwe kuti mwini wake wadwala, unkangokula. Mayi anayesa kukwera makwerero ndi chisizasi chija, manja anakana. Anali atatopa, kutopa kosatha ndi tulo.

Anaitana aganyu, mpanda unagwa. Mawa lake bambo anapatsa moni woyendetsa njinga, n'kumaliza chakudya chonse. Vuto linali fumbi ndi agalu, zomwe tsopano zinkalowa ngati kwawo.

Mayi anayeza ndi tepi ya zovala kuchokera pansi mpaka m'maso mwa amuna awo atakhala, n'kupita kwa wogulitsa mbande.

"Ndikufuna chitsamba chosapitirira apa," anatero, chala chili pa tepi. "Chopirira dzuwa, chosalira madzi tsiku lililonse, chosafuna kubzalanso chaka ndi chaka. Wodwala ndili naye kale mmodzi."

Wogulitsayo anawasonyeza mitundu iwiri. "Ichi chimathamanga, mayi. Mvula ikangogwa, maluwa mbwee. Koma mukachilekerera chimakupitirirani, chimafuna sizasi pafupipafupi. Chinachi chimathera m'chiuno, sichivuta. Kungoti n'chochedwa, maluwa ake muwadikira zaka."

Zaka. Adokotala sanalonjeze zimenezo. Mayi anaima nthawi yaitali pakati pa machubu a mbande, akuyang'ana chothamangacho, kenako manja awo. Anachita manyazi, koma anatenga chochedwacho.

Madzulo mayi akukumba maenje, bambo anafunsa ndi lilime lawo lolemera lija: "Chidzachita liti maluwa, mayi?"

"Chaka chamawa, bambo."

Kunamiza munthu amene wakalambira m'zitsamba n'kungodzivuta. Bambowo anayang'ana timasamba tija, ndipo mayi anaona kuti achizindikira. Anadikira kuti akalipiridwe.

"Mwasankha bwino," anatero bambo. "Koma mwathinanitsa. Talikitsani maenjewo. Chikadzakula simudzakhala ndi wokuthandizani kuzula."

Mayi anakwirira dzenje lomwe anali atangokumba, n'kuyamba lina chapatali, nkhope ataloza kumsewu.