Pulosesa imene ndinaipala ndi tupa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene bambo ananditumiza kukakhala kwa mlongo wawo, azakhali a Estere, kuti ndiyambe Fomu 1. Kwathu ku Mkhumba sekondale inali kutali, ndipo kwa azakhali inali pafupi moti belu likalira tinkalimva tili pakhonde. Tsiku limene ndinafika, ndisanatule n'komwe chikwama, azakhali anandiuza lamulo la pakhomopo.

"Iwe Maliya, pano wabwerera sukulu basi. Tsiku limene udzandibweretsere mavuto, a kabaza ali pamsewupo."

Sikunali kungoopseza ayi. Msuweni wanga wina anakhalapo pakhomo pomwepo ine ndisanabwere, ndipo anam'bweza kumudzi pakati pa temu chifukwa chotenga njinga osapempha. Sukulu yake inathera pomwepo. Choncho ndinkayenda m'nyumba imeneyo monyang'ama, ngakhale kutsokomola ndinkayamba ndaganiza kaye.

Azakhali ankagwira ntchito yotayipa. M'kachipinda kakumaso kwa nyumba, koyang'ana kumsewu, munali tebulo, pulinta ndi kompyuta yakuda, ya bokosi lalikulu lija loima pansi. Ankatayipa makalata, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, koma ntchito yaikulu inali mayeso a masukulu a pulayimale ozungulira. Vuto linali lakuti kompyutayo inali itakalamba. Ukaiyatsa umatha kusesa chipinda chonse isanadzuke. Nthawi zina inkangouma pakati pa chiganizo, azakhali n'kumenya tebulo, ine mtima uli phaa ngati ndalakwa ndine.

Mwana wawo wamkulu, achimwene a Yohane, ankagwira ntchito ku Joni. Atamva madandaulo a mayi awo anatumiza kabokosi kudzera kwa munthu wina wobwera pa basi. M'katimo munali kachitsulo ka makona anayi, kochepera bisiketi, pamwamba ponyezimira, pansi pali timadontho tagolide. Pafoni anafotokoza kuti imeneyo ndi pulosesa, ubongo wa kompyuta, ndipo akaiika m'malo mwa yakaleyo makinawo azithamanga. Sanafunse kuti kompyuta ya mayi awo ndi yamtundu wanji. Azakhali anaika kabokosiko m'dilowa n'kunena kuti mayeso akatha adzaitana a Twaibu, amisiri okonza mafoni ndi makompyuta ku boma.

Apa ndiyenera kunena za bambo anga, chifukwa nzeru zoipa zimene zinandigwira ndinkaganiza kuti ndazitenga kwa iwo. Bambo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Chikulire ndinkawaona akulowetsa zinthu zosafuna kulowa. Chitsulo chikakula pang'ono ankachipala ndi tupa, chikachepa ankachikulunga ndi kachidutswa ka chitini. Kwathu chinthu sichinkatayidwa chifukwa choti chakana. Ndinkanyadira zimenezo, ndipo ndinkadziona kuti nanenso manja anga ndi aluso, poti ndinali nditakonzapo tochi ndi wailesi ya agogo.

Loweruka lina azakhali anapita kumaliro ku Chiwalo, n'kundisiya ndekha ndi makiyi. Mayeso a masukulu anayi anali m'kompyutamo, otsala pang'ono kutha, ndipo aphunzitsi aakulu anali oti abwera kudzatenga Lachitatu. Dzulo lake makinawo anali atauma kasanu. Ndikuchapa mbale, maganizo anandibwerera: bwanji azakhali akamabwera adzapeze kompyuta ikuthamanga? Ndinadziona ndikuyamikiridwa, akuuza anthu kuti mwana wa achimwene anga uyu ndi mutu. Kunena zoona, ndinkafuna kuti ndisiye kuopa m'nyumba imeneyo, ndizikhala ngati mwana wapakhomo.

Ndinali nditaonapo a Twaibu akutsegula bokosilo kuti apemerere fumbi, choncho ndinkadziwa pomasula. Ndinazula mawaya, ndinaligoneka patebulo, ndinachotsa chitseko cham'mbali. M'kati munkanunkha fumbi lotentha. Pansi pake panali bolodi lalikulu lobiriwira lodzaza ndi tizinthu, limene amisiri amalitcha mazabodi, kapena kungoti bodi. Ndinamasula fani, ndinapeza pulosesa yakale itamatidwa ndi zinthu zotuwa ngati mankhwala otsukira mano ouma. Nditakweza kachitsulo komangira, inatuluka mosavuta. Pamalo pamene inakhala panali timawaya tagolide tosawerengeka, tating'ono ngati ubweya wa mwana wa mbewa.

Yatsopano ija inkaoneka yofanana ndendende ndi yakaleyo, koma nditaiika sinakhale pansi. Inkagwedera mbali imodzi. Ndinaitembenuza mbali zonse zinayi, osatheka. Nditaziika ziwirizo pamodzi pawindo ndinaona chimene chinkavuta. Iliyonse inali ndi timipata tiwiri m'mphepete, tolowa m'timano ta pulasitiki ta pabodi, koma timipata ta yatsopanoyo tinali titasuntha pang'ono, mwina ngati kukula kwa njere ya mpunga. Ndinaseka ndekha. Kanthu kakang'ono chonchi n'kumadikira munthu wochokera ku boma?

Ndinawoloka msewu kukabwereka tupa laling'ono kwa mkulu wokonza njinga pamsika. Ndinawanamiza kuti ndikufuna kunola lumo. Nditabwerako ndinakhala pampando wa azakhali, ndinapana pulosesa ya ku Joni ndi zala n'kuyamba kupala. Kafumbi kobiriwira kankagwera pa siketi yanga. Ndinapala, ndinayesa, ndinapalanso, mpaka inakhala pansi bwinobwino. Potsitsa kachitsulo komangira ndinamva kulimba, ndinakanikiza ndi chala chachikulu, ndipo china chake chinalira pang'ono ngati munthu waponda chigoba cha dzira. Ndinabwezera fani, ndinalumikiza mawaya, ndinadina batani.

Fani inazungulira n'kuima. Inazunguliranso n'kuimanso. Sikirini inali bii. Kenako ndinamva fungo, lochepa koma losasokonekera, la waya wopsa.

Sindinayambe ndachitapo mantha ngati tsiku limenelo. Ndinazula waya wamagetsi n'kutsegulanso. Timawaya tagolide tija tina tinali titagona, ndipo pakona pena panali pakuda. Ndinabwezeramo pulosesa yakale. Ndinadina batani ndikupemphera mokweza. Panalibe chilichonse, ngakhale fani sinayese n'komwe. Ndinatseka bokosilo, ndinaliimika pamalo pake, ndinabwezera pulosesa yopalidwayo m'kabokosi kake m'dilowa, ndinasesa kafumbi kaja, ndinakabweza tupa. Kenako ndinapita kuseri kwa bafa n'kusanza.

Azakhali anabwera madzulo atatopa ndipo sanalowe m'kachipindako. Lamulungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangoona njinga ya kabaza, chikwama changa chitamangidwa kumbuyo. Titadya chamasana azakhali analowa m'kachipinda muja kuti amalize mayeso aja, ine ndili pakhonde kusenda nandolo. Ndinamva batani likudinidwa kamodzi, kawiri, katatu. Ndinamva mpando ukukhwekhwereza.

"Maliya! Dzulo magetsi anathimathima?"

"Eya, azakhali," ndinatero. Linali bodza, ndipo linatuluka lokha.

Anatukwana magetsi mpaka mawu anasasa. Kenako anagwira tsaya, akuyang'ana sikirini yakudayo. Ntchito ya milungu itatu inali m'menemo.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinapeza njinga yamoto ya a Twaibu ili pakhomo. Ndinafuna kubwerera, koma azakhali anali atandiona kale, ndipo anandituma madzi akumwa a alendo. A Twaibu anali munthu wodekha, wa ndevu zoyamba imvi, wolankhula ngati safuna kudzutsa munthu. Ndinalowa ndi kapu n'kuwapeza atatsegula kale bokosilo, akuunika bodi ndi tochi ya foni. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapempha kuti aone pulosesa imene inachokera ku Joni. Azakhali anatsegula dilowa. A Twaibu anaitulutsa m'kabokosi, anaitembenuza, anapitisa chikhadabo m'mphepete mwake.

"Mayi," anatero, "magetsi sagwira tupa."

Kapu inali idakali m'manja mwanga, ndipo madzi anayamba kutayikira pansi. Azakhali anatembenuka pang'onopang'ono. Ndinagwada pomwepo n'kunena zonse, ndikulira, mawu akudukaduka: za maliro, za tupa, za fungo, za bodza la magetsi.

A Twaibu sanandikalipire. Anandiuza kuti ndiimirire ndiyandikire. Anandilozera zilembo ndi manambala oyera olembedwa pakati pa bodi, amene ine sindinawaone n'komwe ngakhale anali aakulu ndithu.

"Dzina lake ndi ili. Usanagule pulosesa, usanaitsegule n'komwe, umalemba dzina limeneli, n'kukafufuza mndandanda wa mapulosesa amene bodi imeneyi imalandira. Ikakhala kuti palibe pamndandandapo, palibe basi. Zina zimalowa bwinobwino koma osayaka. Ndiye iyi inakuuziratu. Timipata timeneti opanga ake sanalakwitse kudula ayi, anatiika dala kuti munthu asaiike pamalo posakhala pake. Iwe unachotsa mlonda pachipata."

Bodi inali itapsa, pulosesa ya achimwene a Yohane inali itawonongeka. Mwayi unali umodzi: mayeso aja sankakhala mu pulosesa koma mu hadi disiki, kabokosi kena kosungira zolemba, ndipo iko kanali bwinobwino. A Twaibu anakamasula n'kunena kuti azakhali akamalizire ntchitoyo pakompyuta yawo ku boma. Nditamva zimenezo ndinapuma, ndinaganiza kuti mwina ndapulumuka. Azakhali anaperekeza alendo, anabwerera, anaphika, tinadya. Sananene liwu limodzi. Ndinalakalaka akanangondimenya.

M'mawa mwake ndinavala yunifolomu mwamsanga, ndikuganiza kuti ndikafika kusukulu nkhaniyo izizira. Ndikutuluka ndinapeza wa kabaza ataima pakhomo, chikwama changa chitamangidwa kale ndi mphira.

"Kavule yunifolomuyo," anatero azakhali. "Ndinakuuza tsiku loyamba."

Ulendo wa ku Mkhumba ndinalira njira yonse, fumbi likumatirira m'masaya. Bambo ndinawapeza pansi pa mango paja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo pomaliza, pofuna kudziteteza, ndinati ndinangochita zimene iwo amachita. Anaika sipanala pansi.

"Mwana wanga, iwe unkaona zimene ndimapala. Zimene ndimabweza kusitolo sunkaziona? Unandionapo ndikupala ekiselo, chitsulo chonyamula gudumu chija, kuti ilowe? Munthu angafe pamtsetse."

Zinali zoona kuti kangapo ankandituma kukabweza zipangizo, ndipo ine ndinkangoona ngati ulendo wokagula mandasi.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ntchito yanga ndi yokonza makompyuta. Munthu akabwera ndi pulosesa imene m'bale wake wamutumizira, sindiigwira ndisanawerenge dzina la bodi. Ena amakwiya, amati ndikuchedwetsa ntchito yaing'ono. Ndimawasiya akwiye. Ndinazindikira kuti luso la bambo silinali m'manja mokha, linalinso podziwa nthawi yoleka, ndipo mbali imeneyo siioneka kwa mwana woonerera. Ndinazindikiranso kuti azakhali sanali munthu wankhanza. Anali mayi wamasiye amene chakudya chake chonse chinkachokera m'bokosi limodzi lakuda, ndipo nawonso ankagona ndi mantha awo. Tinadzagwirizana patapita zaka, koma sanandiitanenso kuti ndikakhale nawo.

Chaka chimenecho ndinachithera m'munda. Chaka chotsatira ndinayambiranso Fomu 1 pasukulu ina, kuyenda wapansi maola awiri kupita, awiri kubwera. Anzanga amene ndinayamba nawo analemba mayeso a Fomu 4 ine ndili Fomu 3, ndipo tsiku limene zotsatira zawo zinatuluka ndinazimitsa wailesi n'kupita kukatunga madzi.