Chipsera cha Pansi pa Duku

Ambiri mu parishi yathu ankawadziwa ndi dzina loti Aduku, chifukwa kwa zaka zambiri kutchalitchi kunalibe amene anawaonapo mutu uli pamtunda. Anali mwana wachitatu wa mmisiri wa matabwa. Anaphunzira kusita nsalu za paguwa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ataima pabokosi kuti afikire tebulo, ndipo ntchitoyi sanaisiye mpaka ukalamba.

Atangokula, galimoto inawagunda akupalasa njinga. Anagona m'chipatala masabata atatu osadziwa kanthu. Anatuluka ndi chipsera chochokera pakhutu kufika pakati pa mutu, komanso matenda akugwa. Mapiritsi amene anapatsidwa ankawasunga m'kachitini limodzi ndi kolona, kuti popemphera m'mawa asaiwale kumwa, pakuti ngoziyo inawasiyiranso vuto loiwalaiwala.

Patapita zaka zinayi anakwatiwa ndi mphunzitsi wina wosalankhulalankhula, ndipo posakhalitsa anaima. Kusikelo namwino anawafunsa mafunso a pakhadi: za shuga, za kuthamanga kwa magazi, ngati kwawo kumabadwa mapasa. Funso la mutu panalibe, iwonso sanadzinenere. Kugwa kunali kutaleka kwa zaka ziwiri. Poopa kuti mankhwala apweteka mwana, anasiya kumwa osauza munthu, ngakhale amuna awo. M'kachitini munatsala kolona yokha.

Mimba ili m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, Loweruka masana, anagwa m'chipinda chosungira zovala za Misa simbi ili pansalu. Asisitere anabwera atamva fungo la nsalu yopsa. Kuchipatala dokotala anawavula duku, nayang'ana chipseracho kanthawi.

"Mayi, ichi bwanji simunatiuze?"

"Simunafunse, adokotala."

Dokotalayo anatembenuza khadi uku ndi uku. "Zoonadi, sitinafunse."

Kenaka anawafotokozera mosabisa kuti ubongo umene unavulalapo ukhoza kuyambiranso kugwetsa munthu pamene ali woyembekezera, makamaka akasiya mankhwala. Kuti mayi akamaphupha mwana amaperewera mpweya. Ndiponso kuti mankhwala otere dokotala amawasintha, koma sasiyidwa. Anawauza kuti moyo wawo ndi wa mwanayo zonse zinali pangozi, choncho kunyumba sabwererako mpaka atachira.

Anakhala mu wodi masabata asanu ndi limodzi. Amuna awo akaweruka ankabwera ndi tinsalu ta paguwa toti azipinda m'mphepete, ndipo Aduku ankawaseka kuti mphunzitsi wathunthu sadziwa kulowetsa ulusi mu singano. Za mantha awo Aduku sanayankhulepo zambiri. Anangopempha kuti kachitini kaja kakhale pamutu pa bedi. Magazi atayamba kuthamanga mopitirira, madokotala anawachita opaleshoni. Anabadwa mwana wamkazi, wochepa thupi koma wamoyo. Atalangizidwa kuti asadzaimenso, anavomera, ndipo sitinawamvepo akudandaula.

Kuyambira chaka chimenecho, Lachiwiri lililonse, tsiku la sikelo, ankakakhala pabenchi pakati pa amayi oyembekezera. Ankamasula duku, n'kuliika pamiyendo. "Mwanawe, unavulalapo mutu? Njinga, kugwa, kumenyedwa? Ukalowa ukanene, ngakhale asakufunse." Anamwino anawatcha khadi loyenda. Kutchalitchi ena anang'ung'udza kuti mayi wamkulu sayenera kudzionetsa choncho. Iwo anangoyankha kuti Mulungu chipseracho anachiona kale, otsala anali anthu. Kwa wansembe wina amene anawafunsa chifukwa chake anati, "Ndinabisa kamodzi, abambo, ndipo panatsala pang'ono kuti muike awiri m'manda."

Anachita zimenezi zaka makumi anayi. Chiwerengero cha amayi amene analowa kwa namwino n'kudzinenera chifukwa cha iwo palibe akuchidziwa; Aduku eni ake akanaiwala ngakhale akanawerenga.

Anamwalira mwezi wathawu, m'mawa wa Lachinayi, atalandira masakramenti, amuna awo ali pampando pafupi ndi bedi. Pokonza thupi, amayi a mumpingo anabwera ndi duku latsopano loyera. Mwana wawo uja, amene tsopano ndi mzamba, analilandira n'kuthokoza. Analipinda bwinobwino, naliika m'manja mwa mayi ake pamodzi ndi kolona. Mutu anausiya pamtunda.